MBIRI YA MALEMU KWAME NKRUMAH, MTSOGOLERI AMENE ANAFUNA AFRICA WA BOMA LIMODZI

Pa atsogoleri onse amene anamenyera ufulu wa anthu akuda, palibe amene analimbikira nkhani yophatikiza maiko a mu Africa kuti akhale dziko limodzi monga anacitira malemu a Kwame Nkrumah a ku Ghana. Pa 6 March, 1957, usiku umene mbendera ya Angelezi inatsitsidwa mu mzinda wa Accra, khamu lalikulu linawaombera m'manja pamene analengeza kuti ufulu wa Ghana udzakhala wopanda pake ngati Africa yense samasuka. Patapita zaka zisanu ndi zinai, m'misewu yomweyo, anthu anali kubvina pomva kuti boma la a Nkrumah lagwetsedwa. Inu alendo athu olemekezeka, amene ambiri mwa inu mwacita kudutsa malire a maiko kuti mufike pa mwambo uno, mbiri iyi ikukhudzani, pakuti ionetsa cimene cimagwera ubale wa pakati pa maiko pamene nkhokwe yayamba kupepuka.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

A Nkrumah anabadwa mu September, 1909, pa mudzi wa Nkroful, kumadzulo kwa dziko limene panthawiyo linali kuchedwa Gold Coast. Atate ao anali mmisiri wosula golide, ndipo amai ao, a Nyanibah, anali a malonda ang'onoang'ono. Dzina lakuti Kwame limapatsidwa kwa mwana wamwamuna wobadwa pa Ciweru. Anayamba sukulu kwa Akatolika ku Half Assini, ndipo pambuyo pake anakaphunzira uphunzitsi ku Achimota, kumene anatsiriza mu 1930. Kumeneko anakumana ndi Dr Kwegyir Aggrey, mphunzitsi wochuka uja amene anayendera maiko a kuno kwathu monga Nyasaland mu 1924, amene dzina lake makolo ambiri anacha nalo ana ao. Ndiye anayamba kudzala mwa mnyamatayu maganizo akuti munthu wakuda asadziyese wocepa.

Mu 1935 anapita ku America kukaphunzira pa Lincoln University. Anakhala kumeneko zaka khumi mwa umphawi: anagulitsako nsomba m'misewu ya Harlem, anagwirako nchito m'fakitale ya sopo, ndiponso anatsukako mbale m'sitima za pamadzi. Mu 1945 anafika ku London, ndipo mu October caka comweco anathandizana ndi George Padmore kukonza msonkhano waukulu wa anthu akuda ku Manchester. Pa msonkhanowo panali W.E.B. Du Bois, Jomo Kenyatta ndi Dr Hastings Banda. Kucokera pamenepo a Nkrumah anali ndi zinthu ziwiri mumtima: ufulu wa dziko lao, ndi umodzi wa Africa yense.

KUDULA KWA ZINTHU KUWATSEGULIRA NJIRA

Anabwerera kwao mu December, 1947, ataitanidwa kuti akhale mlembi wamkulu wa cipani ca United Gold Coast Convention, cimene mmodzi wa atsogoleri ake anali Dr J.B. Danquah. Anapeza anthu ali okwiya. Katundu wa m'masitolo a azungu anali atadula kwambiri nkhondo yaciwiri itatha, kotero kuti anthu anapangana zoleka kugula. Alimi a koko anali kulira cifukwa boma linali kuwadulira mitengo yao pofuna kuthetsa matenda amene anagwa m'minda. Asilikali amene anabwera kunkhondo analibe nchito. Pa 28 February, 1948, asilikali akalewa anaguba kukapereka madandaulo ao kwa bwanamkubwa, ndipo apolisi anaombera ndi kupha atatu. Mzinda wa Accra unabvunduka, masitolo anathyoledwa, ndipo a Nkrumah ndi anzao asanu anamangidwa.

Tiyenera kukumbukira ciyambi cimeneci, pakuti amene anawanyamula pa mapewa anali amai a pamsika, anyamata osowa nchito, alimi ndi anchito a pa njanji, anthu amene anali kudandaula za mtengo wa nsalu, shuga ndi sopo. Mu June, 1949, a Nkrumah anayambitsa cipani cao ca Convention People's Party. Mu January, 1950, anaitanitsa sitalaka ya dziko lonse ndipo anaponyedwa m'ndende. Pa masankho a mu February, 1951, cipani cao cinapambana mipando 34 pa mipando 38 yopikisanirana, ndipo bwanamkubwa anawaturutsa m'ndende kuti adzatsogolere boma. Mu 1952 anakhala Nduna Yaikulu.

Cizindikiro coyamba ca mabvuto a mtsogolo cinaoneka ufulu usanafike. Cuma ca Gold Coast cinali pa koko, monga cuma ca Zambia ciri pa mkuwa, ndipo koko yense anali kugulidwa ndi bungwe la boma limene linali kuika mtengo. Mu 1954 mtengo wa koko kunja unakwera kuposa kale lonse, koma boma linalamula kuti mlimi azilandira masheleni 72 okha pa mtolo wolemera makilogalamu 27, kuti ndalama zotsalazo zimangire dziko. Alimi a ku Ashanti, kumene koko wambiri anali kulimidwa, anakwiya, ndipo mu September caka comweco kunabadwa cipani ca National Liberation Movement, cofuna kuti cigawo ciriconse cizidzilamulira ndi kusunga cuma cake. Motero munthu amene anafuna kuphatikiza Africa anayamba ndi kulimbana ndi anthu a m'dziko lake lomwe amene anafuna kupatukana cifukwa ca mtengo wa mbeu. Anawagonjetsa pa masankho a 1956, koma cilonda cija sicinapole.

MASIKU A NKHOKWE YODZAZA

Pa tsiku la ufulu dziko la Ghana linali pakati pa maiko olemera a mu Africa. Linali loyamba pa dziko lonse lapansi pa ulimi wa koko, ndipo linali ndi ndalama pafupifupi mapaundi 200 miliyoni zosungidwa ku London. Boma linamanga masukulu, zipatala, misewu, doko latsopano la Tema, ndipo linayamba kukonzekera damu lalikulu la Akosombo pa mtsinje wa Volta. Mwana wa mlimi anali kulowa sukulu, ndipo atate wake anali kufolera nyumba ndi malata. M'masiku otere sikunali kobvuta kuuza anthu kuti agawane ndi abale ao a m'maiko ena.

Mu April, 1958, a Nkrumah anasonkhanitsa ku Accra maiko asanu ndi atatu amene anali odzilamulira mu Africa. Mu December anaitananso atsogoleri a zipani za m'maiko amene anali akali pansi pa atsamunda. Kumeneko kunapita a Kenneth Kaunda ndi a Harry Nkumbula ocokera ku Northern Rhodesia, Dr Banda amene anali atakhalapo zaka zisanu ku Kumasi, a Joshua Nkomo, a Tom Mboya ndi a Patrice Lumumba. Atsogoleri athu panthawiyo anali kumenyana ndi citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cigwirizano cimene azungu anatikakamiza, ndipo ku Accra anamva za cigwirizano ca mtundu wina, copangana eni ake okha. Mzinda wa Accra unasanduka kwao kwa onse othawa atsamunda: anali kupatsidwa malo ogona, maphunziro ndi ndalama zoyendera.

Ciyeso coyamba ca umodzi cinadza ndi dziko la Guinea. Pa 28 September, 1958, anthu a ku Guinea, motsogozedwa ndi a Sékou Touré, anakana kukhalabe pansi pa France. Afalansa anacoka mokwiya, natenga akatswiri ao ndi zipangizo za m'maofesi, nasiya dzikolo liri lopanda kanthu. Mu November a Nkrumah analonjeza Guinea ngongole ya mapaundi 10 miliyoni, ndipo atsogoleri awiriwa analengeza kuti Ghana ndi Guinea zaphatikizana kukhala ciyambi ca boma limodzi la Africa. Pambuyo pake dziko la Mali, pansi pa a Modibo Keita, linalowanso. Pamene Ghana inakhala Republic pa 1 July, 1960, malamulo ake atsopano analembedwa mololeza kuti dzikolo lingathe kupereka ulamuliro wake m'manja mwa boma la Africa yense. Ndi atsogoleri owerengeka amene anafikapo pa kudzipereka kotere.

Koma cigwirizano cimeneci cinali ndi kufooka kwake. Ghana sinali kugundana malire ndi Guinea kapena Mali. Ku Ghana anali kugwiritsa nchito Cingelezi, kwinako Cifalansa. Ndalama zinali zosiyana, ndipo malonda pakati pa maikowa anali ocepa. Mlimi wa ku Ashanti analibe cimene anali kugulitsa ku Conakry, ndipo mai wa pamsika wa ku Accra analibe cimene anali kugula ku Bamako. Cinanso codabwitsa ndi cakuti zinthu zimene Ghana inali kugawana kale ndi Nigeria, Sierra Leone ndi Gambia m'nthawi ya Angelezi, monga ndalama imodzi, kampani imodzi ya ndege ndi bwalo limodzi la apilo, a Nkrumah anaturukamo, poyesa kuti zinali zotsalira za utsamunda. Tsono umodzi umene anthu wamba anali kuugwira ndi manja unatha, ndipo umene unatsala unali wa atsogoleri, wa m'mapepala ndi m'misonkhano.

KOKO AYAMBA KUTSIKA

Mu 1958 tani imodzi ya koko inali kugulidwa pa mtengo woposa mapaundi 300. Kucokera pamenepo mtengo unayamba kutsika caka ndi caka, cifukwa alimi a ku Ghana, Nigeria, Ivory Coast ndi maiko ena anali atadzala mitengo yambiri m'zaka za mtengo wabwino, ndipo yonse inayamba kubala pamodzi. Ghana inali kukolola koko wambiri koma ndalama zolowa sizinali kukwera, pamene zomangamanga zinali kudya ndalama zakunja mosalekeza. Pofika 1961 nkhokwe ya ku London inali itatsika kwambiri.

Mu July, 1961, boma linabweretsa misonkho yatsopano pa katundu wa m'masitolo, ndiponso lamulo lakuti wanchito azidulidwa magawo 5 pa 100 alionse a malipiro ake, ndi mlimi wa koko magawo 10, monga ndalama zosungitsa ku boma mokakamiza. Mu September anchito a pa njanji ndi pa doko ku Sekondi-Takoradi ananyanyala nchito kwa masiku 17, ndipo amai a pamsika anali kuwapatsa cakudya. Awa anali anthu omwe aja amene anacita sitalaka ya 1950 yomwe inakweza a Nkrumah. Sitalaka itayamba, mtsogoleriyo anali kunja, pa ulendo wautali wa ku Soviet Union, China ndi maiko ena. Atabwera, atsogoleri a sitalakayo anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, pogwiritsa nchito lamulo la 1958 lololeza zimenezi. Dr Danquah nayenso anamangidwa, ndipo atamangidwa kaciwiri anafera m'ndende ya Nsawam mu February, 1965. A Komla Gbedemah, amene anasunga cuma ca boma kwa zaka zambiri, anathawa m'dziko.

Kuyambira pamenepo mantha analowa mbali zonse ziwiri. Pa 1 August, 1962, a Nkrumah akucokera kukakambirana ndi mtsogoleri wa Upper Volta, a Maurice Yaméogo, munthu wina anawaponyera bomba pa mudzi wa Kulungugu, ndipo anabvulala. Mu January, 1964, wapolisi anawaombera pa nyumba yao ya boma koma anawaphonya. M'mwezi womwewo dziko linasandutsidwa la cipani cimodzi. Mtsogoleri uja amene kale anali kuyenda m'misika anayamba kukhala m'kati mwa mpanda, ndipo kulira kwa anthu kunali kumufika kudzera mwa nduna zimene zinali kuopa kunena zoona.

Ngakhale zinali tero, pa nkhani ya Africa sanabwerere m'mbuyo. Mu May, 1963, maiko 32 anakhazikitsa bungwe la Organisation of African Unity pa msonkhano wa ku Addis Ababa. A Nkrumah anafika ndi buku lao lochedwa Africa Must Unite, napempha kuti pakhale boma limodzi, ndalama imodzi, banki yaikulu imodzi ndi gulu limodzi la nkhondo. Maganizo ao anali akuti dziko laling'ono logulitsa mbeu imodzi silingathe kuika mtengo pa katundu wake, koma Africa wogwirizana angathe. Pa mfundo imeneyi anali kunena zoona, ndipo koko wa m'dziko lao ndiye anali umboni. Koma anzao anakana. Ena anali atangolawa kumene ulamuliro ndipo sanafune kuutaya. Maiko ambiri olankhula Cifalansa anali kudalira France pa ndalama yao ndi pa malipiro a anchito a boma, motero sakanasiya cimene cinali kuwadyetsa cifukwa ca lonjezo la mawa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cigwirizano ca Ghana, Guinea ndi Mali cinathera pomwepo mu 1963, ndipo pa msonkhano wa ku Cairo mu 1964 a Julius Nyerere anatsutsa poyera, nati umodzi uyenera kumangidwa pang'onopang'ono, cigawo ndi cigawo.

CAKA CA 1965

Caka cimene cinathyola msana wa boma la a Nkrumah cinali 1965. Alimi anakolola koko woposa matani 500,000, wambiri kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Maiko olima koko anapangana kumapeto kwa 1964 kuti aleke kugulitsa mpaka mtengo utakwera, koma patapita miyezi yowerengeka panganolo linasweka, popeza dziko liri lonse linali kusowa ndalama ndipo ogula anali ndi koko wokwanira m'nyumba zao zosungiramo. Pakati pa 1965 mtengo unagwa kufika pansi pa mapaundi 100 pa tani, pamene boma linali litakonza nchito zake za zaka zisanu ndi ziwiri poyembekezera pafupifupi mapaundi 200. Mlimi amene anakwiya ndi masheleni 72 mu 1954 tsopano anali kulandira masheleni 40 pa mtolo womwewo, ndalama yake itacepanso mphamvu. Ambiri anayamba kuzembetsa koko usiku kupita naye ku Ivory Coast ndi ku Togo.

M'mizinda munasowa shuga, mkaka wa m'zitini, ufa wa tirigu, sopo ndi mankhwala. Magalimoto ndi makina a m'mafakitale anaima cifukwa cosowa zitsulo zosinthira. Kuti munthu aitanitse katundu kunja anafunika cilolezo ca boma, ndipo zilolezozo zinasanduka malonda a ziphuphu. Nkhokwe ya ku London inali itatha, ndipo m'malo mwake munali ngongole zoposa mapaundi 200 miliyoni. M'caka comweco a Nkrumah anamangitsa nyumba zazikulu za msonkhano wa Organisation of African Unity umene unacitikira ku Accra mu October. Nchito yomangayo, imene anthu anali kuicha Job 600, inadya ndalama zosacepera mapaundi 8 miliyoni. Anthu oima pa mizere ya shuga anali kuiona ikukwera tsiku ndi tsiku. Msonkhano utafika, maiko angapo monga Ivory Coast, Niger, Upper Volta ndi Dahomey anakana kubwera, ponena kuti Ghana inali kusunga anthu ofuna kugwetsa maboma ao, ndipo pempho la boma limodzi la Africa linakanidwanso.

Apa ndi pamene pali mtima wa mbiri iyi. Ndalama zimene zinapita ku Guinea, ku Mali ndi kwa omenyera ufulu zinali zocepa poyerekeza ndi zimene zinatayika cifukwa ca kugwa kwa koko ndi mafakitale a boma osapindula. Koma mtengo wa koko unali kuikidwa ku London ndi ku New York, kumene munthu wamba sakanaona, pamene alendo okhala m'nyumba za boma ndi zomanga za msonkhano zinali pamaso pake. Cimene mu 1958 cinali ulemu wa dziko, mu 1965 cinaoneka ngati kutaya cakudya ca ana. Ndipo popeza umodzi wa Africa unali usanaikepo kanthu m'thumba la mlimi kapena la wanchito, panalibe amene akanaimirira kuuteteza.

KUGWA KWA BOMA

Pa 11 November, 1965, Ian Smith analanda ulamuliro wa Rhodesia, kutsidya kwa Zambezi. A Nkrumah anapempha kuti Africa atumize asilikali, ndipo mu December anadula ubale ndi Britain. Kwa ife a ku Zambia, amene tinali pakamwa pa ngoziyo, uwu unali ubwenzi weniweni. Koma asilikali a Ghana, amene anali kudandaula kale za zobvala zakutha ndi zipangizo zosowa, anamva nkhaniyi ndi mtima wina, ndipo mmodzi wa amene anadzagwetsa boma, Major Akwasi Afrifa, analemba pambuyo pake kuti anali kuopa kutumizidwa ku nkhondo ya kutali imene sanaikonzekere.

Mu January, 1966, a Nkrumah anatsegula damu la Akosombo, nchito yaikulu koposa ya moyo wao. Mwezi wotsatira ananyamuka kupita ku Hanoi kukayesa kuyanjanitsa omenyana pa nkhondo ya Vietnam. Pa 24 February, 1966, ali pa ulendo umenewu, asilikali motsogozedwa ndi Colonel Emmanuel Kotoka ndi Major Afrifa, pamodzi ndi mkulu wa apolisi, J.W.K. Harlley, analanda boma. Uthenga unawapeza atafika ku China. Makalata a boma la America amene anaululidwa pambuyo pake aonetsa kuti akuluakulu a kumeneko anali kudziwa za ciwembuci ndipo anacikondwerera. Koma cimene cinapweteka koposa ndi cakuti anthu wamba sanauke kuti ateteze mtsogoleri wao. Cipani cimene cinali kunena kuti ciri ndi mamembala mamiliyoni cinazimirira tsiku limodzi. Cifanizo cao cimene cinaima pa nyumba ya malamulo cinagwetsedwa, andende anaturutsidwa, ndipo omenyera ufulu a m'maiko ena anauzidwa kuti acoke.

MASIKU OTSIRIZA

Kupatsa nkuika. Dziko limene a Nkrumah analithandiza pa tsiku la tsoka lake ndilo linawalandira pa tsiku la tsoka lao. Anafika ku Conakry pa 2 March, 1966, ndipo a Sékou Touré anawapatsa ulemu wokhala mtsogoleri mnzao wa dziko la Guinea. Anakhala kumeneko zaka zisanu m'nyumba ya m'mbali mwa nyanja, akulemba mabuku ndi kuyembekezera tsiku lobwerera kwao, limene silinafike. Akazi ao, a Fathia, amene anali a ku Egypt, anabwerera ku Cairo ndi ana. Mu 1971 anadwala matenda a khansa napita ku cipatala ku Bucharest, m'dziko la Romania, kumene anamwalira pa 27 April, 1972, ali ndi zaka 62. Mwambo wa maliro unacitikira ku Conakry, ndipo mu July caka comweco mtembo unapita kukaikidwa kwao ku Nkroful. Mu 1992 mafupa ao anasamutsidwira ku manda aulemu ku Accra, pa malo pomwe analengezera ufulu.

ZIMENE ZINATSATA

Kucoka kwa a Nkrumah sikunakweze mtengo wa koko, ndipo mtima wokankha mlendo unapitirira. Mu November, 1969, boma la Dr Kofi Busia, poona kusowa kwa nchito, linalamula kuti alendo onse opanda zikalata acoke m'masabata awiri. Anthu oposa 100,000 anaturuka, ambiri a iwo a ku Nigeria, ena obadwira ku Ghana komweko. Dziko limene zaka khumi m'mbuyomo linali kwao kwa Africa yense linapitikitsa anansi ake. Kenaka mphepo inatembenuka. Mafuta atakwera mtengo, anthu a ku Ghana anakhamukira ku Nigeria kukafuna nchito, ndipo mafutawo atatsika, boma la Nigeria mu January, 1983, linathamangitsa alendo, pakati pao anthu a ku Ghana pafupifupi miliyoni imodzi. Izi zinacitika ngakhale maiko onse awiri anali m'bungwe la ECOWAS, lokhazikitsidwa mu 1975, limene linali litapangana kale za ufulu wa anthu woyenda m'maiko a anzao.

Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani yotere. Dziko lathu linasenza katundu wolemera cifukwa ca ufulu wa anansi athu, makamaka malire a Rhodesia atatsekedwa mu 1973. Mkuwa utagwa mtengo mu 1975, mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi ufa inayamba, ndipo mu October, 1978, a Kaunda anakakamizika kutsegulanso njanji ya kumwera kuti feteleza afike kwa alimi mvula isanagwe. Amene anaima pa mizere imeneyo adziwa mmene mafunso amasinthira m'mitima ya anthu pamene mphika uli wopanda kanthu.

Pang'onopang'ono dzina la a Nkrumah linabwerera pa malo ake. Kuno kwathu sukulu ya aphunzitsi ya ku Kabwe inapatsidwa dzina lao. Mu 2002 bungwe la African Union linalowa m'malo mwa Organisation of African Unity, ndipo mu 2012 cifanizo cao cinaimikidwa pa likulu lake ku Addis Ababa. Pangano la malonda a ufulu a Africa yense litasainidwa ku Kigali mu 2018, likulu la nchitoyo linaikidwa ku Accra. Tione kuti amene anadza pambuyo anayambira pa malonda, pa misewu ndi pa misonkho ya pa malire, zinthu zimene a Nkrumah anaziyesa zocedwetsa.

A Nkrumah anaona patali kuposa anzao onse, ndipo colakwa cao cinali cakuti sanayang'ane mokwanira pafupi, pa mbale ya mlimi amene koko wake anali kulipira zonse. Makolo athu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Cigwirizano ca maiko ciyenera kumangidwa m'zaka za dzinthu, ndipo cimangidwe motero kuti munthu wamba aone phindu lake pa msika, pa malire ndi pa mtengo wa mbeu yake, kuti njala ikadza aciyese nkhokwe yothawirako. Cikapanda kutero, njala ikafika, ndico cimayamba kutayidwa kunja. Amene afuna kumanga pa maziko a munthu wamkuluyu asunge masomphenya ake, ndipo asaiwale masheleni 40 aja a mu 1965.

Mzimu wao uuse mumtendere.